Mwana wa sukulu salipidwa

Ndimagulitsa manachesi pamalire a Mwanza, pamene mathiraki amaima kudikira mapepala. Nyengo ya manachesi ikatha ndimagulitsa nthochi, mtedza, chilichonse chimene chingalowe m'beseni. Ntchito imeneyi imaphunzitsa munthu kumwetulira ngakhale mtima ukutentha, chifukwa kasitomala sagula kwa munthu wokwinya nkhope. Koma pali nkhani imodzi imene ndikaikumbukira kumwetulira konse kumathawa, ndipo anzanga apamalire amadziwa kuti ikayambika ndi bwino kusendera kutali. Ndi nkhani ya mlongo wanga, mzime wa amayi athu.

Ndinamutenga kumudzi kwathu kwa Nthache atangolemba mayeso a Sitandade 8. Anakhoza, koma sanasankhidwe ku sekondale ya boma. Amayi analibe pogwira, iwo ndi khasu basi, ndipo alongo anga ena anali atalowa kale m'tchire kukaotcha makala. Ine ndinalumbira kuti uyu yekha agwire satifiketi ya Fomu 4. Sindinkalota zaudokotala kapena zauloya ayi. Ndinkangofuna pepala lija, loti akalowa nalo mu ofesi ina pamalire pano amupatse mpando, osati kumutuma kukanyamula matumba. Ndinamupezera malo pasukulu ina yolipira pafupi ndi boma, tinkakhala awiri m'kanyumba kanga ka lendi, ndipo chaka choyamba chonse fizi inatuluka m'beseni langa.

Tsoka lake mwanayo linali m'mwendo wamanzere. Anakulira mpira wachikulunga m'minda yokololedwa, pazitsa za chimanga, ndiye atapatsidwa mpira weniweni pabwalo losalala zinangokhala ngati akumuseweretsa. Ine za mpira sindizidziwa, koma ndinaona ndi maso anga amuna akuluakulu akugwa chagada pomuthamangitsa. Asanamalize Fomu 2 dzina lake linali pakamwa pa aliyense, mpaka a kabaza ankandipatsa moni pondinena kuti ndine mchemwali wa ujeni wogoletsa uja.

Tsiku lina eni sukuluyo anandiitanitsa. Anali bambo ofewa pakamwa, a mawu ozizira bwino. Anandikhazika pasofa, nandiitanitsira tiyi wamkaka.

"Chemwali, mwana uyu ndi wathu tsopano," anatero. "Za fizi iwalani. Iye azingosewera, maphunziro ake tasenza ndife."

Ndinagwada pakapeti pawo kuthokoza. Mawa lake ndinawatumizira dengu lodzadza ndi manachesi osankha, akuluakulu okhaokha, aja timabisira makasitomala odziwika. Mpaka lero manachesi amenewo ndimawalira.

Mpira pasukulu ija sunali masewero a ana. Loweruka bwalo ankalitchinga ndi masaka, pageti pankakhala wolandira ndalama, ndipo anthu ankadzadza mpaka ena kukwera m'mitengo ya mango. Masewero asanayambe, timu yonse inkavala yunifolomu ya sukulu n'kukwera pikiapu ya eni sukulu, kuzungulira boma lonse mpaka pamalire, hutala ili mbwee. Chikho chikabwera, teremu yotsatira makolo ankakhamukira kukalembetsa ana, ena kuchokera ku Thambani, ena kutsidya ku Zobue. Midadada yatsopano inamera. Chikwangwani cha pamsewu anachisintha, n'kujambulapo mnyamata akumenya mpira ndi mwendo wamanzere. Nkhope anailakwitsa, koma aliyense ankadziwa kuti ndi ndani.

Pa pikiapu ija si onse anali ana a sukulu. Panali amene timawatcha aganyu. Awa ndi amuna akunja, odziwa mpira, amene sukulu imawabwereka tsiku la masewero lokha. Ena ndinkawadziwa bwino chifukwa timakhalira limodzi pamalire: wina wopakira katundu m'mathiraki, wina wosintha ndalama, bambo wa ana ake amene mkazi wake timapemphera mpingo umodzi. Lachisanu ankapita kukametetsa ndevu, Loweruka n'kuvala malaya a sukulu othina m'khwapa, basi asanduka ana a Fomu 2. Sukulu zonse zinkatero, ndipo Mwanza yense ankadziwa n'kumangoseka. Mpira ukatha, aganyu aja ankawaitanira kuseri kwa pikiapu mmodzimmodzi, aliyense n'kubwerako akupinda envelopu m'sokosi. Ana enieni a sukulu ankalandira banzi ndi botolo la chakumwa.

Mlongo wanga anayesapo kufunsa. Butsi zake zinali zitang'ambika, zala zikusuzumira kunja, ndipo anaona kuti amene akulandira maenvelopu sanagoletse n'chimodzi chomwe. Anabwera kunyumba atazolika, nandiuza yankho limene anapatsidwa.

"Akuti mwana wa sukulu salipidwa. Akuti malipiro anga ndi maphunziro."

Mawuwo anandimvekera bwino. Envelopu imatha tsiku lomwelo, satifiketi ndi ya moyo wonse. Ndinamugulira butsi za kaunjika ndi kumuuza kuti alimbe mtima.

Koma maphunziro akewo anali kuti? M'mawa anzake akulowa m'kalasi, iye ankaitanidwa kubwalo kukathamanga. Pakati pa sabata ankanyamulidwa kukasewera kwina, lero ku Thambani, mawa ku Neno, nthawi zina mpaka ku Blantyre. Akabwera ankatsegula buku n'kugonera pomwepo, masokosi ali kumapazi. Pakutha pa Fomu 3 anauzidwa kuti abwereze. Eni sukulu anandifotokozera okha, ndi mawu awo ozizira aja, kuti akumufunira zabwino, kuti akadzalowa Fomu 4 adzalowe ali wokhwima. Anzanga anandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha.

Chaka chachiwiricho ndinamuimirira pakhosi. Tambala akangolira ndinkamudzutsa kuti awerenge ndisanapite kukapikula manachesi. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankapita kwa mnzake kukakopera zonse zimene zinamudutsa. Mwanayo anayesetsa, Mulungu ndi mboni. Anayamba kundifotokozera zinthu za m'mabuku zimene ine sindinkazimva n'komwe, maso ake akuwala, ndipo aphunzitsi a kalasi yake anamuuza pamaso pa anzake kuti ali m'gulu la otsogola. Ndinayamba kufunsa mtengo wa malaya atsopano, poti akale anali atamuchepera.

Chaka chitatha anauzidwanso kuti abwereze.

Sindinamvetse. Ndinakhala masiku angapo ndikungoyenda ngati wodwala malungo, mpaka tsiku lina aphunzitsi a zamasewero anaima pa beseni langa. Anasenda nachesi imodzi yolawa, monga amachitira makasitomala onse, ndipo ndinawafunsa mwaulemu kuti mwanayo vuto lake ndi chiyani kwenikweni. Iwo anaseka, ngati akundiuza nkhani yabwino.

"Vuto? Mutu wake uli bho, sisi. Koma taganizani nokha. Akalowa Fomu 4 ndiye kuti watsala ndi chaka chimodzi, akalemba mayeso wapita. Ndiye timu tisiye m'manja mwa ndani? Mwendo ngati uwo sutayidwa chisawawa. Bwana sangalole."

Analavula njere pambali, n'kuyamba kusankha manachesi ena. Sanaone cholakwika chilichonse. Kwa iwo kunali kuyamikira. Ine ndinawalanda m'manja jumbo imene ankaikamo, n'kukhuthulira manachesi m'beseni. Ndinawauza kuti akagule kwina, ndipo mawu ena amene ndinawonjezera sindingawalembe pano chifukwa ndine wa kwaya.

Beseni ndinasiyira mnzanga, n'kukwera kabaza mpaka kusukulu. Tsiku limenelo panalibe tiyi wamkaka.

"Bwana, tandiuzani chimodzi," ndinatero, ndili chiimire. "Mlongo wangayu ndi ndani pano? Ngati ndi mwana wa sukulu, mulekeni alowe Fomu 4 alembe mayeso. Ngati ndi wantchito wanu, mulipireni ngati anzake a ndevu aja."

"Chemwali, khalani pansi."

"Sindikhala."

"Mukufuna kuipitsa masewero a ana. Mwana wa sukulu salipidwa. Tikayamba zimenezo, mawa aliyense adzafuna, ndiye sukulu zigwa. Mabuku tigula ndi chiyani? Aphunzitsi tiwalipira ndi chiyani?"

"Nanga a ndevu aja ndalama zawo zimachokera kuti?"

"Amenewo si ana athu."

Taonani nzeru zake! Wakunja alipidwe chifukwa si mwana wawo, mwana wawo asalipidwe chifukwa ndi mwana wawo, ndipo maphunziro amene akuti ndiwo malipiro ake awatsekere m'kabati. Ndinawauza m'maso muli gwa kuti amudyera mwanayo masuku pamutu ndipo ine andigwiritsa fuwa lamoto. Iwo sanakweze mawu n'komwe. Anangoti kalasi ya mwana amasankha ndi sukulu, ndipo ngati sindikukondwa chitseko n'chotsegula.

Ndinatuluka ndikudziuza kuti sukulu si imodzi. Ndinali wokonzeka kubwerera ku beseni langa, kumulipirira ndekha Fomu 4 monga ndinachitira Fomu 1. Ndinkaganiza kuti sukulu zina zimulimbirana, poti ndi iye amene ankaziliza Loweruka lililonse. Tinayenda naye limodzi, iye atapisira malaya bwinobwino. Pasukulu yoyamba anati malo adzadza. Pa yachiwiri anati tibwere sabata yamawa, ndipo titabwera anati akuluakulu achokapo. Pa yachitatu eni ake anali mayi, ndipo mwina poona kuti ndine mkazi mnzawo anandiuza zoona.

"Musataye nthawi ndi ndalama za kabaza, mayi. Eni sukulu tonse tinakhala pansi n'kugwirizana. Wosewera wa mnzako osamulandira. Ndipo wina asayerekeze kulipira mwana, angatikwezere mtengo tonse. Ndikamutenga ine lero, mawa anditengera anga."

Anthu amenewa Loweruka amatukwanizana pabwalo, amanenezana kuti wina wakwirira mankhwala pagolo, ochemerera awo amagendana ndi miyala mpaka kupasulana mitu. Kani Lolemba amadyera mbale imodzi! Akuluakulu amati atambwali sametana, koma awa ankametana bwinobwino, sopo n'kubwerekana.

Nkhaniyi ndinkaiuza aliyense woima pa beseni langa, wofuna ndi wosafuna yemwe. Dalaivala wina wa thiraki, kasitomala wanga wakale wokonda kumvera nkhani zakunja pafoni, anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anandiuza kuti zoterezi si za kuno kokha. Anati ku Amereka nakonso makoleji anagwirizana kuti asamalipire ophunzira osewera, pamene iwo akukolola ndalama za mpirawo, ndipo ophunzirawo atatopa anakasuma kukhoti, zinthu n'kuyamba kusintha. Anatinso kumeneko makoleji akulira kuti masewero ena afa chifukwa cha zimenezo. Mbali yachiwiriyo sindinaimvere bwino. M'mutu mwanga munangokhala liwu limodzi: khoti.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayamba kuyendera makolo a ana ena a m'timu ija, khomo ndi khomo. Ambiri anandilandira bwino, n'kuvomereza zonse, n'kukana kuyenda nane. Bambo wina anandiuza kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake ndi ulere umene ana athu akuphunzirira. Ndinamufunsa kuti mwana wake wabwereza kangati. Anayang'ana kumbali.

Ndinapita ndekha kwa munthu wina wodziwa zamalamulo kuboma. Anavomera kuti mgwirizano wotere ndi wonunkha, koma anandifunsa kuti mboni zanga ndi ndani. Mayi eni sukulu aja akabwereza mawu awo pamaso pa woweruza? Aphunzitsi a zamasewero akalolera kutaya ntchito chifukwa cha ine? Anati mlandu wotere umafuna nthawi ndi thumba lalitali. Ndinatuluka muja ndilibe kanthu m'manja, koma mkwiyo unali udakali wonse.

Ndiye nditamva kuti kusukulu kuli msonkhano wa makolo, ndinapita. Nthawi ya mafunso itakwana ndinaimirira, n'kulavula zonse zakukhosi: za kubwereza, za aganyu, za maenvelopu, za mgwirizano. Ndinamaliza ndi kunena kuti ngati mwanayo salowa Fomu 4, tikaonana kukhoti. Amayi ena kumbuyo anaomba m'manja kamodzi, n'kuzindikira kuti ali okha, n'kuleka. Eni sukulu anandithokoza chifukwa cha maganizo anga, ndipo anapempha munthu kuti atseke ndi pemphero.

Kukhoti sindinafikeko. Sipanafunikenso. Liwu lokhalo linakwanira kuti eni sukulu onse akhalenso pansi. Teremu yatsopano itatsegulidwa analengeza, sukulu zonse mofanana, kuti poti makolo ena akuti ana akuzunzidwa ndi mpira, palibe mwana amene aziphunziranso ulere chifukwa cha masewero. Anathetsa ndi ulere wa atsikana a mpira wamanja omwe, amene nkhaniyo sinkawakhudza n'komwe. Ana ambiri anabwerera kumudzi. Koma matimu sanathe ayi. Masaka pabwalo anapitiriza kutchingidwa, pageti anapitiriza kulandira, pikiapu inapitiriza kuzungulira. Anangochotsa ana enieni aja n'kudzadza aganyu okhaokha. Waganyu alibe mchemwali wobwera kudzalalata mu ofesi.

Mwanza yense ananditembenukira. Mayi wina amene mwana wake wamkazi anasiya sukulu anabwera pamalire, naima patsogolo pa beseni langa, n'kunditukwana pamaso pa madalaivala kuti pakamwa panga paphetsa ana a eni. Ndinamumvera chisoni, chifukwa ululu wake ndinkaudziwa. Koma mlandu umenewo sindinauvomere ndipo sindidzauvomera. Kodi ndine ndinatsekera mwana m'kalasi imodzi zaka zonsezo? Ndine ndinamanga midadada ndi miyendo ya ana a anthu? Amene anachotsa ulere ndi omwe aja anali ndi mphamvu youpereka, ndipo anauchotsa kuti tonse tiphunzire kutseka pakamwa. Anthu anapeza kuti n'kosavuta kukwiyira mayi wa manachesi kusiyana ndi bambo wa pikiapu.

Eni sukulu anamuuza mlongo wanga kuti akafuna abwerere, koma mu Fomu 3 yomwe ija, ndipo azilipira. Sukulu zina zinapitiriza kumukana, tsopano ndi chifukwa chatsopano, choti ndi m'bale wa mayi wa khoti uja. Anakhala pakhomo. Anali atakula, ndevu zitamera, anzake amene anayamba nawo ena atakwatira kale. Sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa matukwano a mayi aja. Patapita nthawi anayamba kubwera nane pamalire, kumapakira katundu m'mathiraki, ntchito yomwe ija ndinamuchotsera kumudzi kuti asadzaigwire.

Ine sindinagonje. Ndinafufuza sukulu ku Blantyre, kumene mgwirizano wa anthu a kuno sufikako, ndipo m'bale wina wa kumpingo anavomera kumusunga. Ndinkangodikira nyengo ya manachesi kuti ndipeze poyambira. Yunifolomu yake ndinaichapa, kuisita, n'kuiika pansi penipeni m'sutikesi, poganiza kuti buluku lokhalo likagwirabe ntchito kumeneko. Ndinkamuuza kawirikawiri kuti apirire, satifiketi ija aigwira basi. Iye ankangoti, "Chabwino, achemwali," maso ali kwina.

Manachesi anapsa chaka chimenecho, ambiri, otsekemera. Loweruka lina masana ndinamva hutala ija ikubwera chakumalire. Ndinali nditazolowera kuifulatira pikiapu imeneyo, ndiye ndinawerama n'kumasanja manachesi anga milumilu. Mnzanga wogulitsa pambali panga anandikodola.

"Asisi, tadzukani muone."

"Ndione chiyani? Madoda ometa ndevu?"

"Tangodzukani."

Ndinadzuka. Mlongo wanga anali ataima kutsogolo kwenikweni, atagwira chitsulo cha pikiapu, chibwano chili see, chometedwa bwino. Malaya ndinawadziwa msanga chifukwa cha batani lachiwiri, limene ndinasokerera ndekha ndi ulusi wosiyana mtundu. Mizere ya simbi yanga inali ikuonekabe pa buluku. Anthu ankakuwa dzina lake mbali zonse, ana akuthamangira galimoto. Iye anandiona, n'kuyang'ana kutsidya kwa msewu.

Sindinagulitsenso tsiku limenelo. Ndinapita kunyumba, ndinapeza sutikesi ili yotsegula pamphasa, ndinakhala pakhonde kumudikira. Ndinali nditakonza mawu ambiri, aukali okhaokha. Anafika dzuwa likupendeka, akutsimphina pang'ono, yunifolomu ataipinda m'jumbo. Anagwada patsogolo panga monga amachitira kwa amayi kumudzi, anatulutsa envelopu m'sokosi, n'kuiika pa chitenje changa ndi manja awiri.

"Andilipira, achemwali. Akuti tsopano palibe chovuta, poti sindine mwana wa sukulu."

Envelopuyo sindinaikhudze. Ndinangomva pakamwa panga pakufunsa funso lopusa, ngati kuti yankho lake likanathandiza kanthu.

"Nanga a timu inayo akakufunsa kuti uli kalasi yanji, uziti chiyani?"

Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala.

"Bwana akuti ndiziti Fomu 4."